Chijapani chidafika pa Zalewa chisadafike ku Chirunga

M'chaka cha 1971 m'dziko muno mudafika alendo amtundu wina. Adali anyamata ndi atsikana a ku Japan, otumidwa ndi bungwe la boma lawo lotchedwa Japan Overseas Cooperation Volunteers, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1965. Adabwera kudzagwira ntchito mongodzipereka m'zipatala, m'sukulu, m'magalaja a boma ndi m'minda. Pofika chaka cha 2021, pomwe ntchitoyi imakwanitsa zaka 50, Ajapani oposa 1,800 adali atagwirako ntchito kuno, ndipo palibe dziko lina pansi pano lomwe lidalandira ochuluka chotere.

Chomwe anthu akumudzi amakumbukira kwambiri pa alendowa ndi pakamwa pawo. Mzungu wa pa esiteti ankatha kukhala kuno zaka makumi awiri akungodziwa moni ndi zikomo. Koma mtsikana wa ku Japan akatha miyezi ingapo pamudzi ankayamba kunenerera mtengo wa tomato pamsika m'Chichewa, amayi ogulitsa n'kumaseka chikhakhali. Sizidangochitika mwamwayi ayi. Asadanyamuke kwawo, achinyamatawa amayamba agonekedwa kumalo a maphunziro ku Komagane kapena ku Nihonmatsu kwa miyezi iwiri ndi kanthu, ndipo akafika kuno amawaphunzitsanso Chichewa kapena Chitumbuka asadawatumize kumalo a ntchito.

Nanga ife? Patha zaka zoposa 50 tsopano. Ndi angati mwa ife angalandire kalata ya m'Chijapani n'kuiwerenga, kenako n'kuuza mfumu ya pamudzi zomwe zalembedwamo? Sukulu yathu ya ukachenjede ku Chirunga idaphunzitsapo Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa. Chitchaina nacho chidapeza khomo lolowera. Koma dipatimenti ya Chijapani sitidakhalepo nayo. Ndikufuna ndilondole mbiri ya nkhaniyi, ndipo ndiyambira kwathu ku Neno, chifukwa kumeneko ndiye kumaonetsa bwino kutalikirana kwa zomwe zili pa silabasi ndi zomwe anthu amakumana nazo tsiku ndi tsiku.

Magetsi, njanji ndi galimoto

Boma la Neno lidaima palokha mu 2003 litapatulidwa ku Mwanza. Inu a m'tauni mumalidziwa chifukwa cha manachesi, mbatata ya kachewere ndi tirigu wa kumapiri, komanso chifukwa cha msewu wa tala womwe andale adaulonjeza pa zisankho zambirimbiri. Ochepa ndiwo amadziwa kuti bomali lidakhudzana ndi dziko la Japan m'njira zitatu zikuluzikulu.

Njira yoyamba ndi magetsi. Mtsinje wa Shire, womwe umadula malire a Neno ndi Blantyre, ndiwo umayatsa dziko lino. Pa Nkula makina oyamba adayamba kupukusa magetsi mu 1966, pa Tedzani mu 1973. Siteshoni yachinayi ya pa Tedzani, yopereka mamegawati 19, idamangidwa ndi thandizo la ndalama zochokera ku boma la Japan, kampani ya Mitsubishi ndiyo idatsogolera ntchito, ndipo idayamba kupereka magetsi mu 2021.

Njira yachiwiri ndi njanji. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete kupita kudoko la Nacala, mtunda wa makilomita 912, imalowa m'Malawi ku Chikwawa, n'kudutsa Mwanza ndi Neno, kukakumana ndi njanji yakale pa Nkaya ku Balaka. Anthu adazolowera kuitcha njanji ya Vale, dzina la kampani ya ku Brazil yomwe idasainirana pangano ndi boma lathu mu 2011. Koma mu 2017 kampani ya Mitsui ya ku Japan idagula gawo mu ntchitoyi, ndipo banki ya boma la Japan yotchedwa JBIC idali m'gulu la mabanki omwe adabwereketsa ndalama. Mitsui idatulukamo mu 2021. Choncho kwa zaka zinayi, zina mwa nkhani zokhudza sitima yodutsa m'mbali mwa minda yathu zinkakambidwa m'maofesi a ku Tokyo.

Njira yachitatu mukuidziwa nonse. Taimani pa Zalewa tsiku limodzi muone galimoto zochokera kuchipata cha Mwanza: Sienta, Probox, Vitz, ndi minibasi za Hiace zomwe zina zikadali ndi dzina la sukulu ya mkaka ya ku Japan m'nthiti. Wailesi yake imalekezera pa 90, mpaka mugule kachipangizo kowonjezera kuti mumve nyumba zoulutsira mawu zathu zonse. Mukaliza injini, mayi wina amayankhula mwaulemu kuchokera pansi pa chiwongolero. Madalaivala adampatsa nkhani zambiri mayiyu, ena amati akupempherera ulendo. Zoona zake n'zakuti kawirikawiri amakhala akukumbutsa kuti khadi yolipirira pa toligeti siidalowetsedwe. Mayiyu adayamba kutifunsa za khadiyo kalekale toligeti yathu yoyamba ya pa Chingeni isadatsegulidwe mu 2021. Ngakhale Manoma kwa zaka zingapo ankatchedwa Be Forward Wanderers, kutengera dzina la kampani ya ku Tokyo yogulitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito.

Zimaseketsa, koma muli ndalama m'menemu. Galimoto yogulitsidwa pa okushoni ku Japan imakhala ndi pepala lomwe woiyeza amalembapo ndi dzanja m'Chijapani: ngati idachitapo ngozi n'kukonzedwa, ngati pansi pali dzimbiri, ngati makilomita ake ndi okayikitsa. M'Malawi amapereka mamiliyoni a makwacha pepalalo ali nalo m'manja, osatha kuwerengapo ngakhale liwu limodzi. Ndidaonapo makaniko wina pa Zalewa akusintha zinthu pa sikirini ya galimoto mongoloweza malo a mabatani: lachiwiri kumanzere, kenako lachitatu pansi. Ndi mutu wakuthwa umenewo. Akadapeza womuphunzitsa, bwenzi akuwerenga.

Amasankha ndani ziyankhulo za ku yunivesite?

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, ophunzira oyamba adalowa mu 1965 ku Chichiri, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Mukatsata mbiri ya ziyankhulo pa sukuluyi mupeza kuti ikuyenda limodzi ndi mbiri ya ndale.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1972 kudabadwa Chichewa Board, ndipo ku Chancellor College kudatsegulidwa dipatimenti ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo. Dr Kamuzu Banda ankadziona ngati mwini chiyankhulochi, pajatu ali ku Chicago ndiye adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la galamala ya Chichewa lomwe lidatuluka mu 1937.

Koma mtima wa Ngwazi udalinso kwina. Mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, komwe mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Posakhalitsa nayo yunivesite idayenera kukhala ndi dipatimenti ya maphunziro amenewa, ndipo mayi Caroline Alexander ndiwo adaikhazikitsa pakati pa 1982 ndi 1985. Ine sindinyoza Chilatini. Chimanola mutu, ndipo ena mwa maloya ndi aphunzitsi athu abwino adadzera momwemo. Ndingofuna tikumbuke zomwe zinkachitika ku Neno m'zaka zomwezo. Nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ena mwa iwo adasungidwa pa kampu ya Luwani m'boma lomweli. Ambiri tinkamvana nawo pakamwa, poti malire adangodula mitundu pakati. Koma ziphaso zawo, makalata a ubatizo ndi masatifiketi a ana awo a sukulu zidali m'Chipwitikizi. Dziko lozunguliridwa ndi Mozambique mbali zitatu lidaika patsogolo chiyankhulo cha Aroma akale, cha mnansi wa kuseri kwa phiri n'kuchisiya m'manja mwa aliyense yemwe adachitolako ku Tete kapena ku Beira.

Matipate atabwera zinthu zidasinthanso. Chichewa Board idathetsedwa mu 1995, ndipo mu 1996 m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite yomwe ina mwa ntchito zake ndi kumasulira. Dipatimenti ya Chichewa idakula n'kukhala ya ziyankhulo za mu Africa. Chaka chomwecho cha 1996 unduna wa maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo. Mu 2000 kudatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 lidatembenuzanso gudumu, ndipo mu 2014 boma lidalengeza kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1.

Tsono taonani miyezi iwiri iyi. Mu Disembala 2007 dziko lathu lidasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China. Mu Januwale 2008 dziko la Japan lidatsegula ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe, poti kale nkhani zathu ankazionera ku Lusaka. Patangopita zaka zochepa, Atchaina adabweretsa Confucius Institute pansi pa Yunivesite ya Malawi, aphunzitsi ndi mabuku zili m'manja. Ajapani adapitiriza njira yawo yakale: mlatho wa ku Mangochi, nyumba zophunziriramo ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, maphunziro a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndi ndondomeko ya mudzi umodzi katundu mmodzi yomwe boma la a Bakili Muluzi lidatengera ku Oita mu 2003. Ngakhale achinyamata athu opita kukachita digiri yachiwiri ku Japan kudzera mu ABE Initiative, yomwe idalengezedwa ku Yokohama mu 2013, amakaphunzira m'Chingerezi.

Mbiriyi ikutiuza chinthu chimodzi. Chiyankhulo chimalowa pa silabasi yathu ngati mtsogoleri wachikonda, kapena ngati mwini wake wabwera nacho atalipiriratu zonse. Sindikumbuka nthawi yomwe tidakhala pansi tokha n'kufunsa kuti: kodi mapepala omwe akulamulira moyo wa anthu athu alembedwa m'ziyankhulo ziti, ndipo tili ndi anthu angati otha kuwawerenga?

Mmene Ajapani eni ake adachitira

Funso limeneli Ajapani adadzifunsa kalekale, ndipo mbiri yawo ndi yofunika kuti tiimve.

Kwa zaka zoposa 200 dziko la Japan lidadzitsekera. Mwa Azungu onse, Adatchi okha ndiwo ankaloledwa kuchita malonda, ndipo kuyambira 1641 ankawasunga pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Kumeneko kudali mabanja omwe ntchito yawo, kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, idali yotanthauzira Chidatchi. Mu 1771 madokotala ena, pakati pawo Sugita Genpaku ndi Maeno Ryotaku, adakaonerera kutumbulidwa kwa mtembo ku Edo, komwe lero ndi Tokyo, atanyamula buku la Chidatchi lofotokoza za thupi la munthu. Ataona kuti zithunzi za m'bukumo zikufanana ndendende ndi zomwe maso awo akuona, adapangana zolimasulira, ngakhale Chidatchi chawo chidali choperewera. Bukulo lidatuluka mu 1774 ndi dzina loti Kaitai Shinsho. Pomwe padalibe liwu, adalipanga okha. Liwu loti shinkei, lotanthauza minyewa yotumiza mauthenga m'thupi, lidabadwira m'ntchito imeneyi, ndipo madokotala a ku Japan akuligwiritsabe ntchito.

Mu 1808 sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Phaeton idalowa mwachinyengo padoko la Nagasaki. Boma lidadzidzimuka, ndipo lidalamula otanthauzira aja kuti awonjezere Chingerezi pa maphunziro awo. Pofika 1814 adali atalemba mtanthauziramawu woyamba wa Chingerezi ndi Chijapani. Uku ndiye kusintha silabasi chifukwa cha zomwe zafika pakhomo.

Komabe sizidakwanire. Matthew Perry atafika ndi sitima za nkhondo za America mu 1853, n'kubweranso mu 1854 kudzasainirana pangano la Kanagawa, zokambirana zidadzera m'Chidatchi ndi m'Chitchaina. Mwamerika ankayankhula Chingerezi, wina n'kutembenuzira m'Chidatchi, winanso n'kutembenuzira m'Chijapani. Zotsatira zake, ndime 11 ya panganolo idatuluka pawiri. Ya Chingerezi inkati America itha kutumiza kazembe ngati limodzi mwa maboma awiriwo laona kuti n'kofunika. Ya Chijapani inkamveka kuti mpaka maboma onse awiri agwirizane. Townsend Harris atatulukira ku Shimoda mu 1856 kuti wabwera kudzakhala kazembe, eni dziko adadabwa kuti wamuitana ndani. Chaka chomwecho boma lidakhazikitsa Bansho Shirabesho, sukulu yofufuza ndi kumasulira mabuku akunja, yomwe ndi umodzi mwa mizu ya Yunivesite ya Tokyo ya mu 1877.

Fukuzawa Yukichi, yemwe adayambitsa sukulu ya Keio mu 1858, adatha zaka akuphunzira Chidatchi. Mu 1859 adapita ku Yokohama n'kupeza kuti sakutha kuwerenga zikwangwani za m'masitolo a Azungu, poti zidali m'Chingerezi. Adayambiranso pachiyambi. Iye ndi anzake a m'badwo umenewo, monga Nishi Amane, adapanga ndi kufalitsa mawu atsopano ambirimbiri onena za nzeru zakuya, malamulo, chuma ndi kayendetsedwe ka boma.

Padalinso ena omwe ankaganiza ngati mmene ena a ife timaganizira. Mu 1872 Mori Arinori, yemwe pambuyo pake adadzakhala nduna ya maphunziro, adalembera katswiri wa ziyankhulo William Dwight Whitney wa ku Yale kuti mwina dziko la Japan lingotenga Chingerezi chophweketsedwa. Whitney adamuletsa. Poyamba maphunziro ambiri pa Yunivesite ya Tokyo ankaphunzitsidwa ndi Azungu m'ziyankhulo zawo, koma m'zaka za m'ma 1880 Ajapani obwerera kuchokera kunja adayamba kulowa m'malo mwawo ndi kuphunzitsa m'Chijapani. Lero mwana wa ku Japan amaphunzira udokotala ndi uinjiniya m'chiyankhulo chomwe amayankhula ndi agogo ake. Makina omwe akupukusa magetsi pa Tedzani ndi zidzukulu za ntchito yomasulira ija.

Azungu adachiphunzira moto utabuka

Nawo Angerezi ndi Amerika adachedwa. Nkhondo itabuka ndi Japan mu Disembala 1941 adapeza kuti odziwa Chijapani ndi owerengeka. Mu 1942 sukulu ya SOAS ku London idayamba maphunziro a changu a anyamata osankhidwa m'masekondale, ndipo asilikali a pamadzi a America adasamutsira sukulu yawo ya Chijapani ku Boulder m'chigawo cha Colorado. Anyamatawo adawaphunzitsa kuti azikawerenga makalata olandidwa kunkhondo ndi kufunsa mafunso akaidi. Nkhondo itatha, ena mwa iwo, monga Donald Keene ndi Edward Seidensticker, adasanduka omasulira mabuku. Seidensticker ndiye adamasulira nthano za Kawabata Yasunari m'Chingerezi, ndipo mu 1968, chaka chomwe ife tinkasintha dzina la Chinyanja, Kawabata adalandira mphotho ya Nobel. Oweruza a ku Stockholm sakadamudziwa popanda omasulira.

Kuyambira pamenepo silabasi ya Chijapani m'mayunivesite akunja yasintha kangapo. Poyamba idali ya galamala ndi mabuku akale, yokonzera akatswiri ochepa. Chuma cha Japan chitakwera m'zaka za m'ma 1980, ophunzira adachuluka ndipo ankafuna Chijapani cha mu ofesi ndi cha malonda. Mu 1984 kudayamba mayeso a dziko lonse oyesa luso la Chijapani, omwe mu 2010 adakonzedwanso kuchoka pa magawo anayi kufika pa asanu, kuyambira N5 mpaka N1. M'zaka zaposachedwa ophunzira ambiri akukopeka ndi makatuni ndi mabuku azithunzi a ku Japan. Chinanso chomwe mayunivesite adazindikira n'chakuti kudziwa ziyankhulo ziwiri sikupanga munthu kukhala womasulira, monganso kukhala ndi macheka sikupanga munthu kukhala kalipentala. Kumasulira kudasanduka phunziro palokha, lokhala ndi magawo ake: mapepala a malamulo, a zachipatala, a makina, kutanthauzira pamsonkhano, ndipo masiku ano kukonza zomwe kompyuta yamasulira. Muno mu Africa, Yunivesite ya Cairo idatsegula dipatimenti ya Chijapani mu 1974.

Zomwe zimagwera m'njira

Wina anena kuti, "Aaa, inu, zovutikiranji? Ajapaniwo Chingerezi amachidziwa, ifenso timachidziwa, basi tikumane pamenepo." Umu ndi mmene takhala tikuchitira. Koma kumbukirani ndime 11 ija. Uthenga ukadzera pa munthu wachitatu, china chimagwera m'njira. Ndipo chodabwitsa n'chakuti zambiri zomwe Chingerezi chimataya, Chichewa chikadatha kuzisunga.

Tiyambe ndi ulemu. Mjapani sayankhula ndi mkulu wake pantchito monga mmene amayankhulira ndi mnzake wa kumowa. Mneni amasintha, ndipo dzina la munthu amaliphatikiza ndi kachidutswa koti san. Ife izi sitifuna kuuzidwa. Tili ndi iwe ndi inu, tili ndi wabwera ndi abwera, ndipo palibe mwana woleredwa bwino angatchule dzina la munthu wamkulu popanda a kutsogolo. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha loitanira mfumu, mwana ndi galu yemwe. Kalata yaulemu ya m'Chijapani ikadzera m'Chingerezi imafika kwa a gulupu itavulidwa zovala, ndipo womasulira wa kuno amangoganizira yekha ulemu woti abwezeretsemo.

Pachibale n'chimodzimodzi. Mjapani ali ndi ani ndi otōto, mawu olekanitsa wamkulu ndi wamng'ono pakati pa abale aamuna, monga ife tili ndi mkulu wanga ndi mng'ono wanga. Liwu loti gohan limatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chenichenicho, ndipo M'malawi aliyense yemwe adadyapo tchipisi n'kunena kuti wagona ndi njala chifukwa sadadye nsima amvetsa msanga.

Ndiye pali timawu tojambula zinthu, tomwe ndi mchere wa Chichewa: kuti zii, kuti phee, kuti mbuu, kuti waliwali. Chijapani chadzaza ndi timawu totere. Pamalo pakakhala chete iwo amati shiin, ife timati zii. Chinthu chikamanyezimira iwo amati pikapika. Omasulira m'Chingerezi amavutika nato timawuti, amachita kuzungulira ndi chiganizo chonse, pomwe mwana wa ku Ligowe akadangoponyapo liwu limodzi.

Ngakhale lilime lathu lidakonzeka kale. Chijapani chili ndi mavawelo asanu, a, i, u, e, o, monga Chichewa, ndipo pafupifupi maphatikizo ake onse amathera ndi vawelo. Akabwereka liwu amalipinda monga timachitira ife: tebulo yathu kwawo ndi tēburu. Nawonso sasiyanitsa l ndi r. Izi zikufotokoza chifukwa chake achinyamata aja amatola Chichewa msanga, ndipo msewu womwewo ungayendedwe mobwerera.

Google Translate idalandira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo foni ya m'manja imatha kuthandiza pa zikwangwani. Koma makina otere amadalira kuchuluka kwa zolembedwa zomwe anthu adamasulira kale, ndipo pakati pa Chijapani ndi Chichewa zolembedwa zotere n'zochepa kwambiri. Pa pangano la malo kapena pa malangizo a mankhwala pamafunikabe munthu woti tikamufunse ngati zalakwika.

Silabasi ya mafuwa atatu

Ndikudziwa zomwe akuluakulu a ku yunivesite anganene: ndalama kulibe, Chingerezi chomwecho ana akulephera, ndipo Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga sizidapatsidwebe malo okwanira. Zonsezi n'zoona. Chijapaninso si phala. Mwana wa ku Japan amayenera kudziwa zilembo za kanji 2,136 zomwe boma lidandandalika mu 2010, kuwonjezera pa zilembo 46 za hiragana ndi 46 za katakana. Sukulu yophunzitsa akazembe a America imawerengera maola 2,200 a m'kalasi kuti munthu woyankhula Chingerezi achigwire bwino. Choncho sindikupempha chinyumba chosanja kapena ophunzira mazana. Dziko lino likadakhala ndi omasulira khumi okha odalirika, bwenzi zinthu zitasintha kale.

Pempho langa lili pa kapangidwe ka maphunzirowo tsiku lomwe adzayambe, kaya ku Zomba, ku Mzuzu kapena kwina. Mayiko ena amaphunzitsa kumasulira pakati pa Chijapani ndi Chingerezi, ndipo kwa iwo nkhani imathera pomwepo chifukwa Chingerezi ndicho chiyankhulo cha pakhomo. Ife tikangokopera silabasi imeneyo tidzatulutsa anthu othandiza ofesi ya kazembe ndi makampani a ku Blantyre, koma mayi wa kwa Symon kapena kwa Mlauli adzakhalabe akudikira munthu wachitatu. Mphika wathu ukufunika mafuwa atatu: Chijapani, Chingerezi, ndi chiyankhulo cha kuno. Wophunzira yemwe sangathe kulemba tsamba limodzi la Chichewa chomveka, kapena Chitumbuka, kapena Chiyao, asapatsidwe satifiketi ya umasuliri, ngakhale atakhoza N1.

Zophunzirira zisachokere kunja zokha. Pepala la okushoni lija likhale phunziro la chaka choyamba. Buku la malangizo a makina, kalata ya pangano, kapepala ka mlangizi wa zaulimi ndi nthano za ana zikhale za zaka zotsatira. Ophunzira azipita kukayeserera ntchito pa Tedzani, m'magalaja a pa Zalewa ndi kuchipata cha Mwanza. Mawu atsopano omwe angapange aziperekedwa ku Centre for Language Studies kuti asungidwe ndi kufalitsidwa, monga shinkei adasungidwira. Ndipo khomo lomwelo likhale lotsegukira Chipwitikizi, chomwe tidachinyalanyaza nthawi yaitali.

Aphunzitsi sangasowe. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendowa akhala akubwera kuyambira 1971. Omwe adabwerera kwawo adakhazikitsa bungwe la abwenzi a Malawi, ndipo adafika posindikiza mtanthauziramawu wa Chichewa wothandiza anzawo obwera kuno. Buku lolumikiza ziyankhulo ziwirizi lidakonzedwa ku Japan, ndi anthu omwe adaphunzira Chichewa m'misika ndi m'zipatala zathu. Palinso Amalawi omwe adaphunzira ku Japan, ena adakwatira kapena kukwatiwa komweko, omwe Chijapani chawo chikungochita dzimbiri m'maofesi a ku Capital Hill. Kuyambira 2019 dziko la Japan, lomwe anthu ake akukalamba, lidatsegula chiphaso chatsopano cha antchito aluso ochokera kunja, ndipo chimodzi mwa zofunika ndi kukhoza mayeso a Chijapani. Tsiku lina achinyamata athu adzafuna kupita. Ndi bwino adzapite akutha kuwerenga okha pepala lomwe akusainira.

Ajapani atapunthwa pa pangano la 1854, zidawatengera zaka ziwiri kuti atsegule sukulu ya omasulira. Sadadikire kuti Perry awalipirire. A seneti ya yunivesite, a unduna wa maphunziro ndi aphungu a ku Neno, nkhaniyi ili m'manja mwanu.